Thobwa la Dima Langa

Lolemba

Thobwa lapsa. Mbiya ziwiri zazikulu zili kuseri kwa chitseko, ndavundikira ndi malichero. Ndalawa, likutsekemera bwino.

Mawa ndi dima langa. Amuna a pano pa Sinda abwera kudzandilukira nkhokwe, amayi adzandithandiza kututa chimanga. Ine changa ndi kuwamwetsa thobwa ndi kuwaphera nkhuku. Nkhokwe yakale inagwa ndi mvula, ndipo atate ake a Rute ali ku migodi ku Kitwe, sabwera mpaka Khirisimasi. Chimanga chili pa mikukwe kumunda. Chiswe chayamba kukwera. Anthu akangomasula ng'ombe zawo kuti zidye mapesi, ine ndi ana tidya chiyani chaka chino?

Wotsogolera ntchito ndi aMbewe, mkulu wa mpingo wathu. Palibe woluka nkhokwe ngati iwo. Dzana anandiyang'ana m'maso n'kufunsa, "Ndi thobwa lenileni, amake Rute? Lopanda kanthu?" Ndinati ine ndinakulira ku mishoni, mowa sindinaulawepo, ngakhale kafululidwe kake sindikadziwa.

Mwezi wamawa ndivekedwa bulawuzi yoyera ya amayi a mpingo. Yasokedwa kale. Wofulula mowa savekedwa, amadulidwa mu mpingo.

Lachiwiri

Dima kulibe.

Mesenjala wa ku boma wafika pa njinga dzuwa lisanakwere. Akuti amuna onse kumsewu waukulu kukakwirira maenje, bwana DC, mkulu wa boma, akudutsa popita ku Katete. Apita onse ndi makasu, aMbewe omwe. Akwirira, adikira, galimoto yadutsa madzulo osaima, yangowasiyira fumbi.

Nsungwi zanga zili gone pabwalo. Nkhuku imene ndinaimanga mwendo ndaimasula, ikundiyang'ana moseka.

Thobwa lili bwino. Kakusasa pang'ono kumapeto kwa lilime, koma ndi pang'ono zedi. Kunja kwayamba kuzizira, silingawonongeke msanga. Ndikuganiza choncho.

Lachitatu

Ndasesa pabwalo, ndayala mphasa, ndamanganso nkhuku. Kenako ndikungomva phokoso la anthu othamangira kumlatho. Madzi a padziwe atsika, wina waona milamba ikuvinavina m'matope.

Sinda yense ali m'madzi. Amayi ndi madengu, amuna ndi mikondo, telala wasiya makina pakhonde, wa sitolo watseka. Aphunzitsi apinda buluku mpaka m'mawondo. Nanenso ndapita, nanga ndikhale ndekha ndi nsungwi? Ndagwira tinsomba tiwiri ndi nkhanu imene inayamba ndiyo kundigwira.

AMbewe ali m'madzi mpaka m'chiuno. Andiona, akweza mkondo. "Mawa ndithu, amake Rute."

Pobwera ndikupeza mbiya zikunong'ona. Ndavundukula lichero, thovu lili pamwamba, tinthu tikukwera kuchokera pansi. Mtima wanga nawo wayamba kuwira.

Ndaitana aNaphiri pampanda. Ndi anansi anga, amafulula mowa wogulitsa ndipo kutchalitchi sapondako, koma ndi munthu wabwino, ndiwo anandigwira pobala Rute. Ndafunsa chapansipansi kuti thobwa likayamba kusasa iwo amatani. "Uphikenso. Likazizira uthiremo chimera china, ulisiye ligone."

Ndaphikanso. Chimera chonse chimene chinatsala ndathiramo.

Lachinayi

Ndinaiwala kuti lero ndi tsiku la msonkhano wa amayi. Otuta chimanga onse ali kutchalitchi, ndipo aMbewe aperekeza abusa kukaona wodwala. Dima kulibe.

Wophunzitsa lero ndi mayi Mbewe, akazi awo a aMbewe. Mutu wake: nyumba ya Mkhristu idziwike ndi fungo lake. Ndakhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Ndikununkhiza nsalu yanga mobisa. Ikununkha utsi, kapena si utsi okha, sindikudziwa.

Potuluka amayi abusa andigwira dzanja. Akuti amva kuti ndili ndi thobwa, dzuwa lawawotcha, angapatuke kwathu kuti anyowetse kukhosi? Ndati njira ya kwathu yadzaza linthumbu. Ayang'ana mapazi anga. Ndadzikanda mwendo kuti akhulupirire. Ambuye andikhululukire, linthumbu kulibe ngakhale limodzi.

Kunyumba mbiya zasiya kunong'ona, tsopano zikulankhula. Lichero limodzi lanyowa ndi thovu. Rute akuti m'nyumba mwathu mukununkha ngati kwa aNaphiri. Ndamuuza kuti akanena zimenezo kusukulu aona.

Ndapita kumunda. Mkukwe umodzi chiswe chaumata dothi mpaka pakati. Kutsidya kwa dambo ng'ombe za wina zili kale m'mapesi.

Lachisanu

Lero ogula mtedza atsegula msika. Aliyense ali pamzere ndi thumba lake. AMbewe atumiza mawu: mawa, zivute zitani.

Ndalowetsa aNaphiri m'nyumba kudzera kuseri. Atunga ndi chipanda, amwa, atsinzina.

"Mwana wanga, dzanja uli nalo. Ine ndafulula kuyambira ndili mtsikana, mowa woterewu sindinautulutsepo."

Ndafunsa chifukwa chake anandiuza kuti ndithire chimera china. Akuti, "Unafunsa chimene ine ndimachita."

Zimene ndingachite:
kutaya, koma chimera china ndilibe, ndipo mawere samera tsiku limodzi;
kuitana anthu pa dima lopanda chakumwa, adzaluka mpaka m'mawondo n'kukumbukira kuti kwawo kuli ntchito;
kuuza aMbewe zoona, ndiye kuti bulawuzi ndipatse wina.

Ndathira pang'ono kuseri kwa nyumba kuti ndione ngati mtima ungalole kutaya. Sunalole. Ufa wonse uja.

Masana ndapeza nzeru. Ngati vuto ndi kusasa, mankhwala ake ndi kutsekemera. Ndagula shuga kusitolo, ndathira m'mbiya zonse ziwiri, ndatakasa. Nditauza aNaphiri pampanda, angokhala pansi pa mtondo n'kugwira pakamwa. Mapewa awo akugwedezeka. Sindikudziwa ngati akulira.

Loweruka

Abwera onse. Sindinaganize kuti tsiku limene ndalidikira chonchi ndingalione ndi mantha otere.

Ntchito yayamba bwino. Miyala yaikidwa, phaka lamangidwa, nsungwi zang'ambidwa. Amayi apita kumunda ndi madengu. Dzuwa litakwera aMbewe apukuta thukuta n'kuyang'ana kukhomo kwanga.

Ndagwada ndi chikho. Ndati, "Atate, thobwali lakhalitsa. Mwina lasasa kwambiri. Ngati silili bwino nditaye."

Alawa. Anthu onse akuyang'ana pakhosi pawo. Alawanso. Ayang'ana m'chikho, ayang'ana ine, ayang'ana nsungwi zimene zatsala.

"Lasasa pang'ono. Koma ndi thobwa."

Mkulu wa mpingo akati ndi thobwa, ndani angatsutse? Chipanda chayamba kuyenda. Mayi Mbewe okha ndiwo kulibe, ali ndi alendo kwawo.

Poyamba ntchito ikuthamanga kuposa kale. Akuimba nyimbo za kutchalitchi. Kenako nyimbo zomwezo koma ndi m'manja. Kenako nyimbo zimene sindinazimvepo ku mishoni, ndipo aphunzitsi ndiwo akutsogolera. Amayi abwera ndi madengu ulendo wachiwiri, akhala pansi pa mtengo kuti apume, sananyamukenso. Telala akulira, akuti palibe amene amamuyamika pano pa Sinda. Wa sitolo walonjeza kundipatsa malata aulere. ANaphiri ali pampanda, atsamira chibwano, akungoonerera makasitomala atsopano.

Nkhokwe yatha dzuwa litapendeka. Pansi ndi yopapatiza, pamwamba yotambalala, ndipo yaweramira ku Mozambiki. Anyamula denga akuimba, aliika pamwamba, amanga ndi luzi. Apita, ena njira ya kwawo, ena njira ina.

Ndikutsuka mbiya, mayi Mbewe atulukira. "Amake Rute, abambo aja anachoka nthawi yanji?"

Sindinawaone akuchoka. Jekete lawo lili pa mtengo. Tikuyang'anizana. Ndiye m'nkhokwe mwamveka mkonono.

AMbewe anali mkati akumanga nsungwi zomaliza, anakhala pansi kuti apume, anzawo n'kuwavundikira. Mwamuna woti atithandize palibe amene angaime mowongoka. Tadula luzi, takankha denga ndi mitengo, ine, mayi Mbewe ndi aNaphiri. Atuluka ndi udzu kumutu, atipatsa moni mwaulemu aliyense payekha, aNaphiri awatcha mlongo mwa Ambuye.

Mayi Mbewe atola chipanda pansi, anunkhiza, achibweza pomwe chinali.

Lamulungu

Ndapita kutchalitchi kuti akandidule ndili pomwepo. Ndakhala kumbuyo. Mbali ya amuna nyimbo sizikukwera, ambiri agwira mitu ngati akupemphera. Telala sanabwere.

AMbewe aimirira kupereka zolengeza. Mawu ali pansi, dzanja limodzi lagwira tebulo. Za wodwala, za udzu wofolera tchalitchi. Kenako dzina langa. Ndagwira benchi.

Akuti chikondwerero cha masika chayandikira, tsiku limene timabweretsa zokolola kwa Mulungu, ndipo padzakhala alendo a mipingo ina. Akulu akambirana m'mawa uno, agwirizana onse kuti thobwa la mpingo wonse aphike amake Rute. "Amene tinali pa dima dzulo tikuchitira umboni." Amuna avomera ndi mitu, pang'onopang'ono. Amayi abusa atembenuka kundimwetulira. Mayi Mbewe akuyang'ana kudenga.

Chimanga chambiri chikadali kumunda. Mawa ndiyamba kututa ndekha pamutu, ndipo nkhokwe ndaichirikiza ndi mtengo kuti isagwere nkhuku.

Ndikaphika lenileni, amuna adzafunsa kuti nanga la dzulo linali chiyani. Ndikaphika la dzulo, adzamwa ndi abusa omwe.

Mawere ndaviika.