Belu la a Tarsisio

Ku Ulongwe kuno, aliyense amene anakhalapo pa seminariyo ya zaumoyo amawakumbuka a Tarsisio ndi belu lawo. Linali la njinga, analimasula n'kulikhomera pa kathabwa. Njingayo inatsala duu, moti potsetsereka ku Fonte Boa ankachita kukuwa pakamwa kuti anthu apatuke.

Iwo ndiwo ankakonza misonkhanoyi: kuitana ife anamwino ndi azamba, kuyala mipando, kulemba purogarama. Wolankhula aliyense ankampatsa mphindi khumi. Zikakwana, ngiriii! Wansembe wina anamudula pemphero lotsegulira lisanafike pa Ameni.

"A Tarsisio, ndikulankhula ndi Mulungu!"

"Wamva kale, abambo. Iyetu sapalasa njinga kubwerera ku Domwe."

Tinkati ndi misala, komatu munali nzeru. Pa purogarama mashefe, akuluakulu a ntchito, amayamba, azamba akumidzi amaikidwa kumapeto, ndipo kumapetoko sikufikidwa. Mayi Inácia, mzamba wa ku Domwe, anapalasa njinga maseminariyo atatu kudzanena kuti jelera, firiji yosungira katemera kwawo, inafa, ana akugwa ndi chikuku. Katatu konse anabwerera ndi setifikadu ndi botolo la madzi, mawu ali m'kamwa.

Ulendo wachinayi kunabwera dotolo wamkulu wochokera ku Tete, mutu wake "Kumvera Anthu Akumudzi". Anatiphunzitsa kumvera kwa ola lathunthu osameza malovu. Ife maso onse anali pa chala cha a Tarsisio, chimene chinali pamwamba pa belu. Shefe wa a Tarsisio anawanong'oneza:

"Mukangoliza, ntchito ino mwaisiya lero."

Ngiriii!

"Sinyoro, mukundidziwa kuti ndine yani?"

"Tikukudziwani, a dotolo, mwatiuza kanayi. Mayi Inácia, imirirani."

Mayiwo analankhula mphindi zitatu zokha. Jelera yatsopano inafika mwezi womwewo. Mwezi womwewonso a Tarsisio anawasamutsa kukalondera makatoni kosungira mankhwala, ndipo anakalambira komweko. Dotolo uja anayamikiridwa kwambiri chifukwa chomvera anthu akumudzi.

Pa maliro a a Tarsisio chaka chatha mashefe anabwera ndi mapepala. Woyamba anatamanda malemu pa kusunga nthawi, ndipo anawatamanda mphindi makumi anayi. Wachitatu ali mkati, mvula ikuda kale kuphiri, mayi Conceição, akazi a malemu, anapisa dzanja m'kapulana, chitenje chimene anavala. Ngiriii! Tinaseka pamanda osachita manyazi, ndipo ine m'pamene ndinalira zenizeni.

Masiku ano maseminariyo akuyenda bwino, amatero mashefe. Palibe amadulidwa. Sabata yatha ndinaona mzamba wina wa ku Kalomwe atakweza dzanja kumbuyo kwa holo mpaka linatopa. Analitsitsa, analandira setifikadu yake, n'kupita kukatenga njinga.