Kakapu Kamene Ndinaiwala Kugwedeza

Mpaka lero ndikangomva fungo la khofi wa Chiarabu, mtima wanga umayamba kuthamanga wokha. Nkhaniyi ndakhala ndikuibisa, koma popeza Mayi Zulu amaikamba kale kwa aliyense wolowa mu ofesi yawo, bola muimve kwa mwini wake.

Ndinagwira ntchito ya ulonda pahotela ina ku Deira, kuno kudziko la Aarabu, kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Nditatopa ndi kuima pageti, ndinatsegula kabizinesi kophunzitsa antchito obwera kumene miyambo ya eni dziko lino: moni wake, kavalidwe, zoyenera kupewa m'mwezi wa Ramadani. Ndinalemba ndi kabuku komwe, n'kukatumiza kumakampani. (Ofesi inali bedi langa lam'mwamba ku Al Muraqqabat, ndipo bwana, kalaliki ndi mesenjala ndinali ndemwe.) Mayi Zulu ndi kochi wanga, mayi wa ku Chipata amene amatiwongola ife a mabizinesi ang'onoang'ono ku ofesi yawo ya m'dera la JLT. Polankhula sapita m'mbali.

Miyezi isanu inatha popanda kasitomala wolozeka. Bwana wanga wakale anali atanena kuti malo anga awasunga mpaka kutha kwa mwezi umenewo basi, ndipo yunifolomu inali ikulendewerabe pamsomali kumutu kwa bedi. Kenaka kunabwera uthenga woti mkulu wina, Abu Salim, mwini mahotela awiri, wawerenga kabuku kanga ndipo akufuna tionane kunyumba kwake Lachinayi masana. Ndinadziwa kuti zikakanika apa, mwezi wamawa ndili pageti kutsegulira anthu magalimoto.

Ndinathamangira kwa Mayi Zulu kukayeserera. Sindinamalize ndi chiganizo chachiwiri chomwe.

"Iwe, manja akowo!" anandidula. "Ukamakamba umachita ngati ukupeta mpunga. Kasitomala akaona dzanja likunjenjemera, khalas, zatha, wamutaya. Manja akhale phee. Ndipo tsiku loyamba usamukanire kanthu, wamva?"

"Ndamva, Mayi."

Langizo lachiwirilo silinandivute. Kwathu ku Ntcheu anatilera kuti cha wamkulu sakana, ndipo umalandira ndi manja awiri. Loyambalo ndinaliyeserera sabata yonse pagalasi, mpaka anzanga a m'chipinda anayamba kundifunsa ngati khosi lauma.

Lachinayi ndinavula nsapato pakhomo n'kulowa m'majilisi, chipinda chachikulu chochezeramo alendo. Munali azibambo asanu ndi mmodzi ovala mikanjo yoyera, Abu Salim ali pakati. Nditangokhala, panabwera bambo wina wandevu zaimvi atanyamula ketulo ya mlomo wautali ndi timakapu topanda chogwirira. Anandithirira khofi wongonyowetsa pansi pa kakapu. Ndinalandira mwaulemu, n'kumwa kamodzi, n'kumubwezera kakapuko dzanja lili nji, monga anandiphunzitsira Mayi Zulu. Iye anathiramo wina.

Wachiwiri ndi wachitatu anatsika bwinobwino. Pofika wachisanu ndinaona kuti anzanga onse asiya kumwa, koma bambo uja anali chiimire patsogolo panga. (Mumtima ndinkawanena kuti anthu olemera chonchi koma kuumira, osangodzaza kapu kamodzi bwanji?) Abu Salim anandifunsa za ulendo, za banja, za mvula ya kwathu. Za bizinesi sanatchuleko, ndipo ine ndinaganiza kuti akuyesa kupirira kwanga. Ndinatambasulanso dzanja.

Pa kapu yachisanu ndi chinayi thukuta linali litanyowetsa kolala, chonsecho m'chipindamo munali mozizira ngati m'firiji. Mtima unkagunda m'makutu. Chikhodzodzo nacho chinayamba kunena zake. Macheza anayamba kuchepa, aliyense akungoyang'ana ine ndi ketulo ija. Mdala wina amene anakhala moyang'anizana nane anatola kakapu kopanda kanthu, n'kumakagwedeza pang'onopang'ono maso ali pa ine. Ndinamumvera chisoni kwambiri. Ndinati ukalamba ndi woipa, taonani dzanja la munthu wamkulu likunjenjemera chonchi pagulu. Ndinayang'ana kumbali kuti asachite manyazi.

Khofi anatha m'ketulo. Ndinapuma, ndikuthokoza Mulungu. Bambo wandevu uja anatuluka, n'kubweranso ndi ketulo ina yodzaza.

Apa mantha anandigwira zenizeni. Kukana sindikanatha, kupempha kuchimbudzi ndinkaona ngati kunyoza, ndipo mawu onse amene ndinaloweza anali atabalalika. Pa kapu yakhumi ndi chinayi thupi linandigalukira. Dzanja lamanja linayamba kunjenjemera lokha. Ndinaligwira ndi lamanzere kuti likhale phee, koma lamanzerelo nalonso linayamba. Kakapu kanagwedezeka m'mwamba, aliyense akuona.

"Alhamdulillah!" anatero bambo wandevu uja. Analanda kakapuko mwachangu, n'kupita kukakhala pansi akusisita bondo.

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete. Abu Salim yekha sanaseke. Anapisa dzanja pambali pake, n'kutulutsa kabuku kanga, n'kutsegula tsamba lachisanu ndi chiwiri. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono: "Mlendo akakwana khofi agwedeze kapu pobweza. Akapanda kutero, wothirayo sasiya ndipo sakhala pansi. Makapu atatu ndi okwanira."

Anandiyang'ana. "Analemba izi ndani?"

"Ndine, bwana."

"Unakhalapo m'majilisi angati?"

"Ano ndi oyamba, bwana."

Zoona zake n'zakuti tsamba limenelo ndinalikopera pa intaneti, ndipo chilembereni sindinaliwerengenso. Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze. Ndinkaona geti lija m'maso mwanga, ndi chipewa changa cha ulonda chomwe.

"Chabwino, unaiwala," anatero mkuluyo. "Nanga pakamwa? Osangonena kuti wakwana bwanji?"

"Kwathu wamkulu sitimukanira, bwana. Timalandira basi."

Anasisita kabukuko ndi chala. Kenaka anati, "Ndili ndi anthu akwanu ambiri kuhotela. Manijala akawafunsa ngati agwira mashifiti awiri, amati eya. Akawafunsa ngati amva, amati eya. Wina anakomoka kukhitchini asananene kuti akudwala. Mamanijala anga amati ndi anthu achinyengo chifukwa sawayang'ana m'maso. Lero ndaona ndekha." Anandibwezera kabuku kaja. "Miyambo yathu isiye, habibi, sunaidziwe. Lolemba ubwere udzaphunzitse mamanijala anga miyambo yakwanu. Tsopano yalla, fulumira, chimbudzi chili kumanzere."

Sindinayende, ndinathamanga, nsapato ndinazikumbukira pobwera.

Yunifolomu ndinakabweza, ndipo kabuku kaja ndinakang'amba n'kulemba kena, ka zinthu zimene ndinakulira. M'mawa mwa Lachisanu ndinapita kwa Mayi Zulu maso ali psuu, zala zikuvinabe. Anaseka mpaka anagwira tebulo.

"Makapu fotini! Iwe, ine ndinati usakane ntchito, osati umwe ketulo ziwiri za eni ake. Kuyambira lero homuweki yako ndi imodzi: phunzira kunena kuti ayi. Ukawaphunzitsa chiyani anthu ngati iwe wemwe sutha?"

"Ndaphunzira, Mayi. Sizidzachitikanso."

"Inshallah," anatero, akutsegula fulasiki yawo. "Umwa khofi?"

Ndinalandira ndi manja awiri.