Msonkho wa wailesi womwe ndikulipira ndekha

Mukadzandipeza pa Thambani ndikugula mabatire, chonde musandifunse kuti ndi a tochi kapena a chiyani. Ndine wamtima wapachala, mungangopwetekapo. Koma poti nkhaniyi ndi ana a sukulu omwe akuidziwa, bola ndiifotokoze ndekha kusiyana ndi kuti ena azingoithira mchere.

Ine ndine mkamwini. Ndinafika Fomu 4 (za mapointi zisiyeni), ndipo m'mudzi momwe ndinakwatiramo amandidziwa kuti nkhani za dziko ndimazitsata. Nyengo ya bajeti ikafika, aphungu akayamba kung'ambana m'nyumba ya malamulo, ine khutu limakhala pa wailesi. Mmenemo ndi momwe ndinaphunzira kuti phungu akaimirira m'nyumbamo akhoza kunena chilichonse, ngakhale kutchula nduna kuti ndi yakuba, popanda womugwira. Amati ali ndi chitetezo. Mawu amenewa muwasunge.

Musungenso izi. Apongozi anga aakazi, aNambewe, ali ndi dimba la manachesi kumtsinje, mitengo yobereka mpaka nthambi kuthyoka. Chaka chimenecho anali atanena kuti miyendo yatopa, dimbalo alipereka kwa mmodzi mwa ana awo aakazi awiri. Ndiye kuti mpikisano unali pakati pa ine ndi mkamwini mnzanga, munthu wosalankhula ngati chitsa. Ndinali nditayesetsa, abale. Denga la khitchini yawo ndinafolera ndine. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire monga mwa mwambo, minga kundibaya osadandaula. Mkazi wanga, make Dalitso, anali atandinong'oneza kuti zinthu zikupendekera kwathu. Anangowonjeza kuti, "Chachikulu musunge pakamwa panupo."

Ndiye kunabwera mnzanga Zuze, wogulitsa mbuzi, n'kundiuza kuti komiti ya aphungu ikubwera pa boma kudzamva maganizo a anthu. Akuti panali ganizo loti khomo lililonse lokhala ndi wailesi kapena kanema lizipereka kamsonkho kothandizira wailesi ya boma, ndipo aphungu amafuna amve kaye asanakambirane bajeti.

Msonkho winanso? Pa sopo ulipo, pa shuga ulipo, pa palafini ulipo, tsopano afika pa makutu?

Tsiku lake ndinavala jekete langa la ukwati n'kukwera matola ndi Zuze. Mu holo munadzaza. Kutsogolo kunakhala aphungu, wapampando wawo anali mayi wa magalasi. Poyamba zinkayenda bwino. Aphunguwo anapanikiza bwana wina wa ku wailesi kuti afotokoze momwe zinayendera ndalama zomwe anapatsidwa m'bajeti yapita, nanga bwanji otsutsa boma samveka pa wailesipo. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati mmodzi wa iwo. Analankhula abusa ena, analankhula mwini sitolo wina wa pa boma, onse mwaulemu ngati ali pachinkhoswe.

Kenako bwana uja anati, "Wailesi yathu imamvedwa ndi aliyense, mpaka kumudzi kwenikweni."

Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangomva pakamwa panga pakufuula, "Poyinti ofu oda!"

Holo yonse inaseka. Mayi wapampando anatsitsa magalasi.

"Bambo, zimenezo n'za m'nyumba ya malamulo. Koma poti mwaima kale, tiuzeni dzina ndi komwe mwachokera."

Ndinatchula dzina, la bambo anga lomwe, mudzi, ngakhale mtsinje womwe timamwa. (Chifukwa chomwe ndinatchulira mtsinje sindichidziwa mpaka lero.) Kenako ndinafunsa funso lomwe ndinkaliona lanzeru kwambiri.

"Amayi wapampando, kudzera mwa inu, kodi zomwe ndilankhule pano ndili nacho chitetezo?"

"Lankhulani momasuka bambo. Palibe akumangeni."

Basi. Kwa ine chimenecho chinali chiphaso. Anandipatsa chimkuzamawu cha mu holo, ndipo bambo wina anadzandiikira china chovala kachipewa ka siponji pafupi ndi kamwa. Ndinkayesa kuti aona kuti mfundo zanga n'zolemera, chimodzi sichikwanira.

Poyamba ndinalankhula zanzeru, izi ndiye musanditsutse. Ndinati munthu amene akulephera kugula feteleza simungamulipiritse chifukwa chomvera nyimbo. Ndinati kwathu kumalire kuno wailesi ya ku Mozambiki imamveka bwino kuposa yathu, mpaka ana akulonjerana m'Chipwitikizi kuti bondiya. Ndinati ngati wailesi ikudya misonkho ya tonse, izilankhula za tonse. Anthu anaomba m'manja. Phungu wina analemba.

M'manja ndi mowa, abale. Ndikanakhala pansi pamenepo bwenzi pano ndili munthu.

"Ndipo bwanawa asatinamize," ndinapitiriza. "Kwathu palibe amamvera wailesi yawoyo. Palibe! Ndi mbuzi zomwe zimathawa!"

Kuseka. Zuze anayamba kundikoka jekete.

"Amwene, zakwana. Khalani pansi."

"Ndisiye iwe, ndili ndi chitetezo! Amayi wapampando, kuti mumvetse, wailesi imeneyi ili ngati apongozi anga. Imayamba kulankhula tambala asanalire, imalankhula mbali imodzi yokhayokha, siifunsa maganizo a munthu, ukafuna kuitseka batani lake silipezeka. Ndiye mukuti pamwamba pa zonsezo ndiziidyetsanso?"

Holo inagwa. Abusa aja anabisa nkhope m'chipewa. Mayi wapampando anamenya tebulo koma mapewa akugwedezeka. Ndinatuluka ngati ndawina chisankho. Titatsika matola Zuze anangoti, "Chija cha siponji mukuchidziwa?" Ndinamuuza kuti asiye nsanje.

Mawa lake chakumadzulo ndinali pa Thambani kugula mchere. Ndikudutsa pa malo ometera, ndinamva munthu pa wailesi akutchula mtsinje wathu. Ndinati ameneyu ndani wa mawu ngati chitseko chadzimbiri? Kenako anatchula feteleza.

Ndinayamba kuyenda mofulumira. Pa chigayo, munthu yemwe uja anali pa bondiya. Pa okala ya a Mussa anali atafika pa mbuzi zothawa, ndipo anthu omwe anazungulira wailesi anatembenuka onse kundiyang'ana. Wina anakuwa, "Onolebo! Ife ndiye mbuzizo?" Ndinathamanga, bambo wa ana anayi, mchere m'manja. Ndinkafuna ndikafike kunyumba mawu anga a pa wailesiwo asanafike pa nkhani ya apongozi. Koma munthu sungapikisane ndi mawu ako omwe. Khomo lililonse lomwe ndinkadutsa, wailesi yomwe ndinati palibe amaimvera inali ikulira, ndipo ineyo ndinali patsogolo pa ine mwini.

Ndinafika pabwalo holo ija ikugwa ndi phwete pa wailesi, za apongozi zitatuluka kale.

ANambewe anali pamkeka, kawailesi kawo komanga ndi mphira kali pamiyendo. Inde, ndinkadziwa kuti ali ndi wailesi. Amamvera nyimbo za kwaya ndi mauthenga a maliro tsiku lililonse. Kungoti sindinadzifunsepo kuti zimenezo zimachokera nyumba iti youlutsira mawu.

Anatseka wailesi mwapang'onopang'ono. Kwathu mkamwini salankhulana ndi apongozi maso ndi maso, mawu amadzera mwa wina. Choncho anayang'ana mwana wawo.

"Make Dalitso, uwafunse aphunguwa ngati ayenda bwino."

Mkazi wanga, osandiyang'ana: "Akuti mwayenda bwanji."

Ndinanjuta kumbuyo kwa nkhokwe. "Uwauze kuti... pamene paja ndinali ndi chitetezo."

"Zimenezo ine sindinena."

"Ndamva kale," anatero apongozi. "Uwauze kuti chitetezocho anachiiwala pa boma. Uwauzenso kuti batani ndi ili, laoneka. Kuyambira lero ndatseka."

Ndipo anatsekadi. Sabata yonse osalankhula ndi aliyense wa pakhomo pathu. Simungamvetse kuopsa kwake. Mayi amene ndinkadandaula kuti salekeza, atangoti zii, ndi nkhuku zomwe zinkayenda monyang'ama. Make Dalitso ankandiikira chakudya ngati akuikira galu wa eni. Tsiku lina ndinaona mkamwini mnzanga uja akuchokera kumtsinje, akusenda nachesi, akumwetulira. Munthu amene sindinaonepo mano ake chikwatirireni!

Ndinagonja. Ndinatuma ankhoswe, tambala wanga wamkulu ali kukhwapa. Tinakhala pabwalo, ine chakumbali, nkhope kuthengo.

"Akuti ndimalankhula mbali imodzi," anayamba aNambewe. "Lero alankhule mbali yawo. Tikumvera."

Ine amene ndinagwedeza holo, ndinangonong'ona kuti, "Ndinalakwa."

"Akweze mawu. Pa wailesi paja amamveka bwino."

"NDINALAKWA!"

Kenako aNambewe anagamula. Dimba alipereka kwa make Dalitso, poti mwana wawo sanalakwe, anangolakwitsa kusankha. Koma salipereka lonse mpaka kalekale ayi. "Nanenso aphungu ndimawamvera," anatero. "Chaka ndi chaka tizikhala pansi n'kuona momwe ayendetsera. Zikandikwanira, ndivomereza chaka china. Ndipo poti anafunsa pagulu ngati ayenera kuidyetsa wailesi, yankho lake ndi inde. Mabatire a wailesi iyi akhala awo."

Ankhoswe anga, anthu omwe ndinawadalira, anaomba m'manja.

Za msonkho uja sindikudziwa kuti aphungu anakazimaliza bwanji. Kuno sanabwere munthu kudzatolera. M'boma lonse la Mwanza, amene akulipira msonkho wa wailesi ya boma mokhulupirika ndine ndekha, ndipo wotolera wake salandira mabatire otchipa. Amayamba wawalawa ndi lilime.

Mfundo zanga zija ndimaziimirabe, zinali zoona, kupatula ya mbuzi. Moti mwezi wathawu Zuze atandiuza kuti aphungu akubweranso kudzamva maganizo pa bajeti, ndinalowa m'nyumba kukafuna jekete. Ndinasanthula paliponse, osalipeza. Ndinalipeza mawa lake kudimba. Make Dalitso analiveka chidole choopsezera anyani, ndipo pakamwa pa chidolecho anamangapo chiguduli.