Nkhuku Yanga Yapita ku Chelstone

Lolemba

Sukulu atsekera. Ana anga, Tamara, wazaka 15, ndi Yamikani, wazaka 11, sakulankhulana kuyambira sabata yatha, nkhani yake chaja ya foni. Ngakhale mchere akupemphana kudzera mwa ine. Ndatopa nazo.

Ndiye ndagamula, sabata ino ndi ya makhalidwe. Ndalemba kuseli kwa kalendala, ndamata pa filiji:

Lachiwiri, kupepesa
Lachitatu, ulemu
Lachinayi, kunena zoona
Lachisanu, kudzichepetsa

Atate awo awerenga, akuti, "Ifenso tili m'kalasi?" Ndawayang'ana, apita kukathirira masamba a repu.

Lachiwiri

Phunziro loyamba, pakhonde, magetsi atapita. Ndikuwauza za kwathu ku Katete: wolakwa sadikira kuitanidwa. Amanyamula nkhuku, kukagwada pakhomo pa mnzake. Nkhuku ikalandiridwa, mlandu watha.

Yamikani akuti, "Manje ine nilibe nkhuku." Wangopereka chaja ndi manja awiri. Tamara walandira. Basi, zatha, mphindi zisanu. Ine ndinakonzekera ola lathunthu ndi mavesi atatu!

Kenako Tamara, maso pa ine: "Nanga imwe Mami, muzapepesa liti kuli ba Mami bang'ono ba ku Chelstone?"

Ndati phunziro latha, akatsuke mbale.

Lachitatu

Ulemu. Sindinaphunzitse, ndawauza kuti mutu.

Muno mokha ndinene. Esnati, wa ku Chelstone uja, ndi mng'ono wanga, bere limodzi, ndipo zaka zitatu sitilankhulana. Pa kicheni pate ya mwana wake ndinanong'oneza mnzanga kuti mkwatibwi akaphika chiyani, poti amake amapsereza ndi madzi omwe. Maikolofoni inali m'manja mwanga, yoyatsa. Holo yonse inamva. Ena anaseka, Esnati sanaseke.

Ndinalakwa, ndikudziwa. Koma ine ndine wamkulu. Ndinkamubereka kumbuyo ameneyu, ndinkamupukuta mamina. Ndikagwade kwa iye?

Ndimamusowa. Amayi atamwalira tinatsala awiri okha. Mdzukulu wake woyamba ndinamuonera pa foni ya munthu wina.

Lachinayi

Kunena zoona. Ndayamba bwino, ndi mau aja ndimalankhulira ku chigwirizano cha amayi. Tamara wakweza dzanja ngati ali kusukulu: "Dzulo mutu wenze kubaba zoona?"

Sunkawawa. Ndavomera.

Zina zimene wandikumbutsa:
pa foni ndimati "ndafika pa Kabwata" ndikadali m'bafa muno mu Chilenje;
nsapato zatsopano ndimauza atate ake kuti ndi zakale;
amayi busa akafunsa za Esnati ndimati ali bwino, timaonana.

Chondipweteka n'chakuti sakunena mwachipongwe. Wakhala pansi, miyendo wapinda, mau ofatsa. Ukafuna pomugwira, palibe. Watengera ndani mwana ameneyu? Atate ake akuti si iwo.

Lachisanu

Kudzichepetsa kwalephereka. M'mawa ndikulowa m'khola kuseli, nkhuku yonenepa ija ndimasungira alendo mulibe. Tamara nayenso palibe. Yamikani akuti analumbira kuti sanena, koma poti dzulo ndinaphunzitsa zoona: "Bayenda ku Chelstone. Nkhuku ili mu chola cha sukulu."

Minibasi ziwiri, kusinthira ku City Market, yekha! Foni yake yazima. Ndazungulira bwalo mpaka ndapsereza ndiwo, ine amene ndimanena anzanga.

Wabwera madzulo cha m'ma 16 koloko, chola chikununkha, nkhope ili ngwee. Zomukalipira ndinakonza kale, zakana kutuluka. Akuti anagwada pageti pa Esnati. Ndamufunsa ngati wanama kuti ndamutuma ine.

"Iyai, nabauza zoona. Kuti simunanitume, koma mumalila mukaona chithunzi chabo."

Ndimayesa sandiona.

Loweruka

Nkhuku yabwerera. Abwera nayo ndi alamu, amuna a Esnati, yomangidwa miyendo ndi kansalu ka chitenge. Akana kukhala, akana tiyi. Uthenga ndi uwu: "Akuti mwana amulandira, nkhuku ayi. Ibwere ndi mwini wake."

Atate a Tamara aseka mpaka kutsamwa. Ndawauza kuti lero aphike okha.

Tamara ali kuseli, akuchapa chola chake, akuimba. Ndaima pawindo kumuyang'ana nthawi yaitali. Zimene zandikanika ine zaka zitatu, iye wazichita ndi chola cha sukulu. Ndikumunyadira mwana wanga, ndipo manyazi andigwira mpaka m'mafupa.

Lamlungu

Tabwerako kutchalitchi. Yunifolomu ya chigwirizano sindivula, mwina Esnati akachita nayo manyazi kundibweza.

Nkhuku ili m'katoni pakhomo, ikundiyang'ana, njira ikuidziwa kuposa ine. Mawondo ayamba kale kuwawa. Pageti paja akuti pali timiyala, Tamara waika chitenge chakale m'chikwama kuti ndikayale.

Ndayesa kukonza mau. Ndalemba tsamba lonse, ndafufuta. Pomaliza ndamuitana Tamara, ine mphunzitsi wa makhalidwe, kumufunsa kuti ndikayambe bwanji.

"Mukambe chabe pepani, Mami. Osaikapo ati ndine mukulu."

Chabwino. Katoniyo ndinyamula ndekha.