Tsiku limene azakhali anandibweretsera chakudya kundende

Amalawi a ku South Bend akamandiyang'ana mwachifundo kutchalitchi, ena mpaka kundisisita paphewa, ndimangoti zikomo. Ndinatopa kufotokoza. Mlandu wonse ndi wa pakamwa pangapa.

Ndikuphunzira za malamulo, ndipo patchuthi ndinapeza mwayi wa intenishipu ku Indianapolis, pa kaofesi ka maloya oimira munthu wina amene akusungidwa m'ndende kudziko lakunja, kudikira mlandu wake kukhoti la mayiko onse. Mwayi wotere sumabwera kawiri. Bwana wanga, Mayi Dunn, anandiuza tsiku loyamba osaseka: dzina la munthuyo kapena dziko lake zikangotuluka pakamwa panga, ndinyamule chikwama. Mafoni timasiya m'kabati pakhomo.

Muofesimo muli magulu awiri. Ena amaona za umboni, ena za kasungidwe ka womangidwayo: kaya akuonana ndi dokotala, kaya akulankhula ndi ana ake, kaya akudya bwino. Ine anandiika kwachiwiriko, koona za ndende, ndipo ndinakondwa zedi.

Madzulo, ndikudikira basi yopita ku Speedway kumene ndinkachita lendi, ndinaimbira azakhali anga. Ndi alongo awo a bambo, amasamalira okalamba ku South Bend, ndipo kuno ndiwo mayi anga. Ankadziwa kuti ndili ndi "zochita ndi maloya", basi. (Ndinkafuna ndidzawauze zonse zikapsa. Kunyada.)

"Azakhali, zatheka. Andiika ku ndende kuyambira mawa."

"Iwe! Ku ndende?"

"Eya."

"Nkhani yake ndi yotani?"

"Imeneyo sindingakuuzeni. Aloya andiletsa, ndasaina kale."

Anapumira m'mwamba. Ine mumtima ndimvekere, aa, azakhali agoma nane.

"Mpaka liti?"

"Akuti miyezi itatu. Koma akaona khalidwe langa akhoza kusintha."

"Nanga foni?"

"Amalanda pakhomo."

"Chakudya?"

"Timasangweji tozizira, azakhali. Tingopirira."

Anandifunsa kumene malowo ali, ndinawauza msewu ndi nambala yomwe. "Limba mtima, mwanawe," anatero. Basi inafika, ndinadula. Ndinagona tulo tabwino kwambiri.

Mawa lake chakumasana ndinali pakompyuta, kuthandiza kulemba pempho loti munthu wathu aziloledwa nthawi yokwanira yolankhula ndi ana ake. Mlonda wa pakhomo lapansi anaimba foni: kuli alendo anga, ndipo ndifulumire.

Kutsika, ndinapeza azakhali ndi anzawo a kwaya, Mayi Gondwe, onse atamanga zitenje ngati akupita kumaliro. Pansi panali bulangete, sopo, kandowa, Baibulo ndi kontena yaikulu. Ayendetsa galimoto ulendo wonse wochokera ku South Bend, shifiti ataisiya.

Tsono kwathu, ukapititsa chakudya kwa munthu womangidwa, umayamba walawa pamaso pa woyang'anira, aone kuti mulibe poizoni. Azakhali mwambo amaudziwa. Ndinawapeza atavundukula kontena patebulo la mlonda, akudya supuni ya mpunga uku akumuyang'ana m'maso. Ananyema nkhuku, kutafuna, kumeza, n'kuyasamula kuti aone. Mlondayo, bambo waulemu wake, ankangobwereza kuti zikomo, wadya kale.

Atandiona anasiya supuni.

"Mayo ine, mwana wa achimwene!" Anandigwira masaya, kunditembenuza uku ndi uku. "Sanakumenye? Ndiye tayi sanakulande?"

Mayi Gondwe anali atayamba kale nyimbo, chapansipansi.

Apa m'pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito. Mawu onse a dzulo anabwerera limodzilimodzi. Ndisanatsegule pakamwa, chikepe chinatseguka, natuluka Mayi Dunn. Azakhali anangoona suti ndi magalasi, basi anadziwa kuti wamkulu wa ndende ndi ameneyu. Anagwada, pa matailosi a Downtown Indianapolis, manja pachifuwa.

"Madam, first offender! Kwathu kulibe wakuba. Mumukonsidare!"

Abale, ndinafuna nthaka ing'ambike.

Mayi Dunn anawadzutsa mwaulemu, kenako anandiyang'ana. "Muofesi mwanga. Tsopano."

Tinakwera chikepe. Ine ndinkangoona intenishipu yanga ikupita, ndi maloto onse okagwira ntchito kumakhoti akuluakulu. Ndinachita mantha enieni.

"Anthu awa mwawauza chiyani?" anandifunsa titangolowa muofesi.

Ndinawamasulira foni yonse ija m'Chingerezi, mzere ndi mzere. Pa "andiika ku ndende" anakweza nsidze. Pa "akaona khalidwe langa" anagwira pakamwa. Pofika pa masangweji anatembenukira kuwindo, mapewa akugwedezeka.

"Dzina la munthu wathu munatchula?"

"Ayi."

"Dziko lake?"

"Ayi."

"Ndiye chinsinsi mumasunga, mopitirira muyeso. Bwererani kuntchito. Koma bulangete lichoke pakhomo paja." Nditafika pachitseko anawonjezera kuti nkhukuyo ikhoza kukwera.

Ndinaperekeza alendo anga kugalimoto ndikufotokoza. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundimenya ndi chikwama paphewa.

"Chitsiru chophunzira! Chichewa chonsechi unasowa mawu oti ntchito? Ine osagona, BP m'mwamba, shifiti yapita!"

"Pepani, azakhali. Koma chonde, zithere pompano. Musauze munthu."

Anayang'anana ndi Mayi Gondwe. Mayi Gondwe anayamba kufunafuna chinachake m'chikwama.

"Pagulu la mpingo tinangopempha mapemphero," anatero azakhali. "Dzina sitinatchule. Tinangoti mnyamata wathu wa zamalamulo."

(Wa zamalamulo mumpingo monse ndilipo ndekha.)

"Komanso mayi ako ku Ntcheu ayamba kusala kudya. Amenewo uwaimbire wekha."

Ndinawaimbira nditaweruka. Ndinakonzeka bwinobwino: ndiyambe ndi khoti, ndifotokoze magulu awiri aja, mawu alionse ndiwayeze kaye. Foni inangoitana kamodzi.

"Mwana wanga," anatero amayi, mawu atasasa ndi kulira. "Akutulutsa?"

Ndinayamba. "Amayi, nkhani yake ndi yoti kuli khoti lina kunja..."

"Khotinso?"

Ndinapuma. Kumbuyo kwa amayi ndinkamva azimayi a mapemphero akunong'onezana, kudikira.

"Ayi, amayi. Anditulutsa. Kadyeni."

Nthungululu zake zinamveka mpaka pa siteji ya basi.