Mphuno ya Mfalansa

Pali anthu amene anapita ku nkhondo n'kubwerako opanda ndi kabala komwe, kenako n'kudzakumana ndi ine ku laibulale ya ku Handsworth, kuno kunja kumene tikukhala.

Mwana wanga Tadala, nthawi imeneyo ali ku sekondale, anali atapenga ndi mabuku a mayi wina wa ku France. Mayiyu anayamba ngati mtolankhani, kuyendayenda m'mayiko a nkhondo, ndipo atatopa nazo anayamba kulemba nthano za achinyamata. Tadala anali ndi khumbo limodzi: kumufunsa mayiyo mmene munthu amakhalira mlembi. Titamva kuti akubwera kudzacheza ndi ana a sukulu, mwana anandipempha chinthu chimodzinso.

"Mum, please, just be normal."

"Iwe, ine ndi nurse, ndimahandula ma consultant daily. Mzungu mmodzi angandivute?"

Ndinatchena chitenje ndi duku (wina akanati ndikupita ku chinkhoswe). Anthu atafola kukapereka moni, Tadala ananditchula kuti ndine mayi ake. Ine ulemu wa kwathu unandigwira: ndinapinda mawondo, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, maso pansi. Sindinkadziwa kuti kwawoko moni ndi kupsompsonana m'masaya. Mayi uja anaweramira pamene panali tsaya langa, napeza duku. Nditamva mpweya wa munthu pamutu ndinadzidzimuka, n'kudzuka mwamphamvu.

Phokoso lake linamveka mpaka ku mashelefu a kumbuyo. Magalasi a mayi uja uko, kamfuno chuchuchu.

Apa m'pamene ndikanangopepesa n'kukhala pansi. Koma ntchito ndi ntchito. Ndinamukhazika pampando, kumuweramitsa, kumutsina mphuno ndi duku langa lomwe, uku ndikumukalipira ngati wodwala wosamva kuti asayang'ane kumwamba. Woyang'anira laibulale atabwera ndi kabokosi ka mankhwala ndinamubweza (kunyada kulibe mankhwala). Mayi uja anati ana asadikire, afunse basi. Ndiye anayankha mafunso onse ndi mawu a m'mphuno, ine nditaima pambali pake, chigwirire.

Tadala anali atabisala kuseri kwa anzake, misozi ili lengelenge. Mtima unandipweteka zedi, chifukwa tsiku limene analidikira chaka chonse ndinali nditaliphwanya ndi mutu wanga. Koma mayi uja anamukodola, ndipo mwana anafunsa funso lake monong'ona.

"Ulembe zimene waona ndi maso ako," anayankha choncho m'Chingerezi chake chopindika, "ndipo usamvere chisoni munthu aliyense. Ine zipolopolo zinandiphonya, amayi akowa sanaphonye."

Pa basi ndinkadzitonthoza kuti nkhani yathera pomwepo. Mwezi wotsatira inatuluka m'kanyuzipepala ka kusukulu kwa Tadala, yonse, ndi duku lomwe, ndipo inafika kutchalitchi ndi ku wodi kwathu kuchipatala. Ndikalowa, anzanga ankagwira mphuno n'kubwerera m'mbuyo.

Tadala akulembabe mpaka lero. Ndinamupempha kuti tsiku lina adzalembeko za ubwino wanga, iye anati amalemba zimene waona.