Kuukitsa Mkokomo ndi Mafoni Atatu

Lolemba

Ndaganiza, ndipo sindibwerera m'mbuyo: Mkokomo uuka!

Mkokomo Vidiyo, nyumba ya ababa yoonetsera mafilimu, pafupi ndi doko la Ngala. Kale munkadzaza mpaka ena kukhala pawindo. Ababa chiimirire pambali pa kanema, maikolofoni pakamwa, kumasulira filimu yonse m'Chichewa, ngakhale ya Chitchaina chimene sanachiphunzirepo. Kenako aliyense anagula foni, mafilimu analowa m'matumba, Mkokomo unafa. Chifereni, ababa amangokhala pakhonde. Mawu awo ndi "eya" ndi "ayi" basi. Munthu amene ankamveka mpaka kumsewu wa tala!

Foni ndiyo inatipha, foni yomweyo itidzutse. Anyamata masiku ano akupenga ndi mpira wa pafoni. Ndiye dzina latsopano: Mkokomo Gemu Senta. Kusewera awiriawiri, Loweruka mpikisano waukulu.

Zomwe ndili nazo:
- foni yanga (galasi losweka pakona, koma mpira ukuoneka)
- foni ya mkazi wanga, amake Zainabu (sindinawauze)
- foni ya mlamu Yusufu, msodzi (masana amagona, saifuna)
- mabenchi akale, amene chiswe chinawasiyako
- sipika ya ababa, mmene makoswe alereramo ana ndi zidzukulu

Ndawafotokozera ababa zonse. Akuti: "Eya."

Lachiwiri

Kusesa, kuchotsa akangaude, kupenta. Penti yathera panjira. Chikwangwani chikuti MKOKOMO GEMU SE. Odutsa akufunsa kuti Gemu Se ameneyu ndi mwana wa yani.

Ndalengeza kudoko kuti wopambana Loweruka alandira tambala. Onse kuseka. Wina akuti: "Tambala imodzi tigula chiyani?" Ndachita kubwerera kunyumba, kukamunyamula, kumuonetsa: wa nthenga, wa lipombo, wolira! Tsopano akundipatsa ulemu.

Amake Zainabu avomera za foni, koma ndi lamulo: "Akaimba wa usipa wa ku Lilongwe uja, muyankhe. Amatidyetsa ndi iyeyo, osati mpira wanuwo."

Mtima uli m'mwamba. Ndikuona kale nthambi ku Dwangwa!

Lachitatu

Tatsegula! Mwadzaza! Fungo la thukuta ndi nsomba ngati kale lomwe. Ndatsala pang'ono kulira.

Vuto lomwe sindinaliganizire: foni ndi yaing'ono. Akuona ndi osewera okha. Ena onse akungogundana mitu kumbuyo, "Tatiuzani, chikuchitika n'chiyani?"

Vuto lachiwiri: foni ya amake Zainabu yalira pa penate penipeni. Wosewera wayankha yekha: "Tili pa penate, bwana!" n'kudula. Anali wa usipa uja.

Amake Zainabu afika chitenje chili m'chiuno, mamba a nsomba m'manja. Angotambasula dzanja. Mafoni atsala awiri.

Koma tamverani ichi. Ababa anyamuka pakhonde, aima pakhomo, kenako asuzumira paphewa pa wosewera. Ayang'ana, ayang'ana. Ndiye chapansipansi: "Wamudutsa ngati minibasi yodzaza."

Chiganizo chathunthu! Ndatuluka panja kukapuma mpweya.

Lachinayi

Ndadzuka ndi phokoso la hamala. Ababa, mkanjo woyera, chisoti chatsopano, akukonza sipika. Makoswe asamuka mokwiya.

Magetsi azima kuyambira m'mawa. Sola ya aneba ikungosinza, kumwamba kuli mitambo, mwera ukuwomba. Foni ya Yusufu ikutentha ngati mbatata yootcha, tikuipepesa ndi chivindikiro cha poto.

Ababa atenga maikolofoni, batire ya galimoto pansi. Sakudziwa dzina la wosewera aliyense wa m'fonimo, ndiye awapatsa maina a anthu a padoko. Goloboyi ndi telala wathu. Wotchinga kumbuyo ndi mayi wa zitumbuwa. Oyimbira mpira ndi ine.

"Telala wauphonya! Wayeza molakwika ngati thalauza la Idi lija!"

Telala mwiniwake ali pabenchi yakutsogolo, misozi mbwembwembwe ndi kuseka. Mayi wa zitumbuwa watseka geni, akuti aone ngati agoletse.

Zoona zake:
- ofuna kusewera: ochepa
- ofuna kumvera ababa: mudzi wonse
- ofuna kulipira pakhomo: amati "tangobwera kudzawapatsa moni achikulire"

Palibe kanthu. Ndi chiyambi chabe.

Lachisanu

Tatseka mpaka itatha Juma. Potuluka mumzikiti akuluakulu akundigwira dzanja, ine n'kumati akuyamikira nzeru zanga. Ayi. "Bambo ako ayamba nthawi yanji?"

Yusufu wabwera nkhope ili pansi. Dzulo anatenga foni yake kunyanja, akuti azikonzekera mpikisano podikira usipa. Wagoletsa, walumpha m'bwato, foni yagwera m'madzi a pansi pa bwato. Panopa yagona m'thumba la mpunga. Akuti mpunga umayamwa madzi. Mpunga wake ndi wa amake Zainabu, wa alendo. Sindinawauzenso.

Alendowo afika masana: apongozi, kuchokera kwa Mwadzama, osatumiza uthenga. Mlendo wotere sadyera masamba. Ndikubwera kuchokera ku Gemu Se, ndikumva fungo labwino pabwalo. Nthenga mbwee kuseri kwa khitchini.

Mphotho yathu!

Ndadya mwendo. Kunena zoona, anali wonona. Wopambana akanasangalala.

Potunga mpunga apeza foni. Apongozi akuti: "Kuno ku Ngala mpunga mumakolola ndi mafoni omwe?"

Foniyo sinadzuke. Yatsala imodzi.

Loweruka

Tsiku lalikulu. Anthu mpaka ochokera kwa Nkhunga, pa kabaza, ena atanyamula mipando yawo. Azimayi aima m'mawindo. Apongozi pabenchi yoyamba, ambulera pamiyendo.

Foni ndi imodzi, ndiye aliyense akulimbana ndi foniyo, mosinthana. Yawagonjetsa onse. Watsala Yusufu yekha, maso ofiira, sanagone.

Zigoli n'zofanana, mpira uli kumapeto, nyumba yonse yaimirira. Ndili kumbuyo kwa Yusufu, ndikuona ndi maso anga: foni yathima. Bii! Batire yatha.

Thukuta kamukamu. Ndikuyang'ana khomo lothawira.

Ababa aona. Sanaphethire n'komwe. "Mpira uli ndi mayi wa zitumbuwa! Wautembenuza ngati chili m'mafuta! Wapatsira telala! Telala wasiya golo, wasiya makina, wasiya ndi makasitomala omwe!"

Yusufu, mwana wochenjera, zala zikungovina pagalasi lakuda.

"Wadutsa woyamba! Wadutsa wachiwiri! Wadutsa ndi oyimbira yemwe, amene wangoti kukamwa yasa ngati mlamba! Chagwaaaa!"

Denga latsala pang'ono kuuluka. Benchi yathyoka, apongozi pansi khu, akuseka miyendo m'mwamba. Telala amunyamula pamapewa, Yusufu amunyamula pamapewa, onse ulendo wa kudoko akuimba.

Pobwera akufuna mphotho. Amake Zainabu atulukira ndi lichero la usipa wouma, ampatsa mchimwene wawo pamaso pa anthu onse, nthungululu lokoloko. Pondidutsa andinong'oneza: "Usipa umenewu ndi womwe anaukana wa ku Lilongwe uja. Muulipira ndinu."

Sindikudziwa kuti ndiulipira bwanji. Lero sindikufuna kudziwa.

Lamulungu

Bata. Gemu Senta yatsekedwa. Foni yanga yatchajidwa, koma ikungoyaka n'kuzimanso, ngati nayonso yatopa nane.

Ababa mawu asasa. Akumwa tiyi wa mandimu, akumwetulira okha, akuyeserera ziganizo chamumtima, milomo ikugwedera.

Chakum'mawa kwabwera anyamata a timu ya kwa Nkhunga, agwada bwinobwino. Akufuna ababa akaulutse mpira wawo masana ano. Mpira weniweni, wa fumbi, wa miyendo. Akufunsa kuti pachikwangwani alembe dzina lanji.

Ababa, ndi mawu a chule: "Mkokomo."

Wopanda Gemu. Wopanda Se.

Ndafunsa mwaulemu kuti nanga ine, mwini nzeru zonsezi, udindo wanga ndi wotani pakampani imeneyi. Andiyang'ana mwachikondi, nkhope yonse kuwala.

"Mwana wanga, sipika ilibe miyendo."

Chabwino. Ndikukapopa njinga.